Kodi dzino lokhomera m'fupa lingakukute chimanga chokazinga?

Mwina mwaonapo pa Facebook kapena pa WhatsApp malonda a zipatala za mano za ku Johannesburg, Cape Town, Istanbul kapena New Delhi. Chithunzi chake chimakhala chimodzimodzi: munthu akumwetulira, apozi ali m'manja, ndipo pansi pake pali lonjezo lakuti mukaikitsa implanti mudzadya chilichonse chimene mtima wanu ukufuna. Kwa munthu amene watha zaka akutafunira mbali imodzi, kapena amene amakana nyama paukwati ponamizira kukhuta, mawu amenewa ndi okoma kuwamva. Tsambali likufotokoza mbali ya lonjezolo imene ili yoona, mbali imene otsatsa malonda amaisiya, ndiponso zimene muyenera kufunsa musanapereke ndalama zanu kapena za m'bale amene mukumusamalira.

Chifukwa chake nkhaniyi yafika pakhomo pathu

Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa. Mu Africa muno, bungweli linati anthu 44 mwa 100 alionse ndi okhudzidwa. Padziko lonse, mwa anthu a zaka 60 kapena kuposerapo, pafupifupi 23 mwa 100 alionse alibe dzino ndi limodzi lomwe. Mayiko anagwirizana pa ndondomeko ya 2023 mpaka 2030, imene cholinga chake n'chakuti anthu 80 mwa 100 alionse azitha kupeza chithandizo chofunikira cha m'kamwa, ndipo mu Novembala 2024 anakumana ku Bangkok kukatsimikizira pangano limeneli.

Kuno kwathu zinthu zayamba kusuntha, ngakhale pang'onopang'ono. Dziko la Malawi linayamba kuphunzitsa madokotala akeake a mano mu 2019, pasukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Mu 2022 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yoona za umoyo wa m'kamwa. Komabe m'zipatala zambiri za boma m'chigawo chino, thandizo limene munthu wa dzino lopweteka amalipeza msanga ndi kuzula. Zotsatira zake n'zakuti anthu ambiri a zaka zapakati ali ndi magweru, ndipo amene apeza kangachepe, kapena amene ali ndi ana ogwira ntchito ku South Africa ndi ku Britain, ayamba kufunsa za implanti. Chithandizochi chimapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, ndipo ena amachitsata kunja. Ngakhale ku Britain, zipatala za NHS zimaika implanti kwa anthu ochepa okha, monga amene anachotsedwa mano chifukwa cha khansa ya m'kamwa kapena ngozi.

Motero pali mpata waukulu pakati pa malo amene implanti imaikidwa ndi malo amene mwini wake amakhala ndi kudya tsiku ndi tsiku. Malangizo amene amaperekedwa kunja amatchula zakudya za kumeneko. Satchula nzimbe, chimanga chokazinga, chinangwa chachiwisi, malambe kapena kamwala kobisala mumpunga.

Kodi implanti n'chiyani?

Implanti ndi muzu wochita kupanga. Nthawi zambiri imakhala ya chitsulo chotchedwa titaniyamu, yooneka ngati sikuluwu, ndipo dokotala amaikhomera m'fupa la nsagwada pamalo pamene panali dzino. Pamwamba pake amamangapo kachitsulo kolumikizira, kenako chisoti chooneka ngati dzino, chimene madokotala amachitcha crown. Choncho chimene inu mumachiona ngati dzino limodzi chili ndi zigawo zitatu, ndipo kawirikawiri zigawozi zimagwirizanitsidwa ndi kasikuluwu kakang'ono kwambiri ka mkati.

Njirayi inachokera ku Sweden. M'zaka za m'ma 1950, dokotala wina wofufuza dzina lake Per-Ingvar Brånemark anaona kuti titaniyamu imene anaiika m'fupa la mwendo wa kalulu inagwirana ndi fupalo moti sinkatheka kuchotsedwa. Mu 1965 anaika maimplanti mwa munthu woyamba mumzinda wa Gothenburg, ndipo munthuyo anawagwiritsa ntchito zaka pafupifupi 40 mpaka imfa yake. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akusonyeza kuti maimplanti oposa 9 mwa 10 alionse amakhala akadali m'kamwa pakatha zaka 10. Chiwerengero chimenechi ndi cholimbikitsa, koma muchimvetse bwino. Chikunena za muzu wachitsulo kukhalabe m'fupa. Sichikutanthauza kuti m'zaka zonsezo chisoti sichinabenthuke, kasikuluwu sikanamasuke, kapena nkhama sizinatupe.

Kusiyana kwake ndi dzino lobadwa nalo

Dzino lobadwa nalo silikhudzana ndi fupa mwachindunji. Pakati pa muzu ndi fupa pali kamnofu kopyapyala ka timinyewa, kamene kamagwira ntchito ziwiri. Koyamba, kamakhala ngati nkhata pamutu pa wosenza mtolo: mukaluma, dzino limatitimira pang'ono, mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo mphamvu ya kulumako imachepa isanafike pafupa. Kachiwiri, kamnofuka kali ndi mitsempha yomva. Mukaluma kamwala m'nyemba, nsagwada imadziimitsa yokha inu musanaganize n'komwe.

Implanti ilibe kamnofu kameneka. Fupa limamera mogwirana ndi chitsulo, ndipo kusuntha kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Mphamvu yonse ya kuluma imagwera pa chisoti, pa kasikuluwu ndi pa fupa lozungulira khosi la implanti. Komanso kumva kumachepa: pamafunika mphamvu yochuluka kangapo kuti muzindikire kuti mwaluma chinthu cholimba. Apa ndi pamene pagona nkhani. Implanti ndi yolimba ndithu, koma siikuchenjezani msanga. Mungathe kuluma mopitirira muyeso osamva kanthu, mpaka tsiku limene chisoti chidzasweke kapena dzino lanu lenileni loyang'anizana nacho lidzang'ambike.

Miyezi yoyamba: nthawi imene zambiri zimaonongekera

Implanti ikangoikidwa, imagwira chifukwa chothinana ndi fupa, monga msomali m'thabwa. Kenako thupi limayamba kuchotsa fupa limene linavulala poboola, n'kumanga latsopano. Pakati pa ntchito ziwirizi, makamaka cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi, kugwira koyamba kuja kumakhala kwachepa pamene kwatsopano kusanakhwime. Tsoka lake n'lakuti nthawi imeneyi ululu umakhala utatha, kutupa kutaphwa, ndipo munthu amadziona ngati wachira. Implanti ikagwedezeka mopitirira muyeso pa nthawiyi, m'malo mwa fupa pamamera mnofu wofewa, ndipo implanti yotero siigwiranso. Imayenera kuchotsedwa, malowo apole, ntchito iyambirenso ndi ndalama zina.

Kugwirana kwa fupa ndi chitsulo kumatenga miyezi 3 mpaka 6. Nsagwada ya m'munsi imafulumira chifukwa fupa lake ndi lothithikana, pamene ya m'mwamba imachedwa. Ngati anakuwonjezerani fupa, nthawi imatalikirapo. Dokotala wanu ndiye adziwa za fupa lanu, koma malangizo a anthu ambiri ndi awa:

- Masiku awiri oyamba: idyani zofewa ndi zozizira, monga phala lozizira, chambiko, yogati, nthochi yakupsa ndi mapeyala. Pewani zotentha kwambiri, mowa ndi fodya, ndipo musachukuche m'kamwa mwamphamvu tsiku loyamba.
- Sabata ziwiri zoyamba: nsima yofewa ndi therere, chipere, mazira, maungu, mbatata yophika, futali, nsomba yophika yochotsa minga. Tafunirani mbali imene sinachitidwe opareshoni. Pewani tinthu ting'onoting'ono tolowa pabala, monga mtedza, zitowe ndi mbuliwuli.
- Kufikira dokotala atatsimikiza kuti fupa lagwira: chakudya chilichonse chimene simungachiphwanye ndi foloko kapena ndi zala chisafike pamalo pa implanti.

Kudya zofewa sikutanthauza kudya moperewera. Bala limafuna zakudya zomanga thupi kuti lipole. Ngati mukusamalira wodwala, thirani nsinjiro, mkaka kapena dzira m'phala lake, ndipo usipa kapena kapenta muziusinja n'kuuphikira m'ndiwo. Munthu wa matenda a shuga asadumphe chakudya chifukwa choopa kutafuna, makamaka ngati akumwa mankhwala kapena kubaya insulini.

Chenjezo lapadera lipite kwa amene akukopeka ndi malonda a mano a tsiku limodzi, monga njira yotchedwa All-on-4, imene mano onse a nsagwada imodzi amamangidwa pa maimplanti anayi. Mano amene mumatuluka nawo tsikulo ndi ongoyembekezera. Amaoneka bwino pachithunzi, koma fupa la pansi pake likadali bala, ndipo muyenera kudya zofewa kwa miyezi ingapo monga wina aliyense. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fupa likagwira, mungadye chiyani?

Chisoti chokhazikika chikaikidwa, mbali yaikulu ya lonjezo lija imakwaniritsidwa. Mungadye nyama, mtedza wokazinga, chimanga chowotcha, kaloti, apozi ndi magwafa. Munthu amene anali ndi mano oikirira ochotsa usiku amaona kusintha kwakukulu, chifukwa implanti siterereka ndipo siitsina nkhama. Yambani pang'onopang'ono kwa sabata zingapo kuti nsagwada izolowere, dulani zolimba m'tizidutswa, ndipo tafunirani mbali zonse ziwiri.

Koma pali zinthu zimene ndi bwino kusiyana nazo mpaka kalekale, chifukwa zimathyola ngakhale mano obadwa nawo:

- Kusenda nzimbe ndi mano. Ntchito imeneyi imakoka dzino cham'mbali, ndipo mphamvu ya cham'mbali ndi imene imamasula kasikuluwu msanga kuposa yoluma molunjika. Sendani ndi mpeni, dulani timagawo, tafunirani kumano a m'kati.
- Chimanga chouma chokazinga, ndi njere za mbuliwuli zimene sizinaphulike.
- Kuswa mafupa a nkhuku kapena a mbuzi pofuna mafuta a m'kati.
- Njere za malambe, masawu ndi mapichesi, madzi oundana ndi maswiti olimba.
- Kukoka nyama yofutsa kapena biltong ndi mano a kutsogolo. Idulenitu ndi mpeni.
- Kutsegula botolo, kudula ulusi kapena waya, ndi kuluma cholembera.

Onjezeranipo mdani wobisika: timiyala ta mumpunga, nyemba, nandolo ndi mtedza wogula pamsika. Kupeta ndi kusankha bwino musanaphike kungakupulumutseni ku ulendo wodula.

Pali mphamvu inanso imene imaposa ya chakudya chilichonse, ndiyo kukukuta mano kutulo. Ngati amene mumagona naye chipinda chimodzi amakumvani mukukukuta, kapena mumadzuka nsagwada zili zolema, uzani dokotala asanayambe ntchito. Angakupangireni kapulasitiki kovala m'mano usiku.

Chimene chimachotsa implanti kawirikawiri

Zakudya zolimba zimaononga zigawo za pamwamba, zimene nthawi zambiri zimatheka kukonzedwa. Chimene chimadya fupa lenilenilo ndi matenda a nkhama. Implanti siibowoka ngati dzino, ndipo chifukwa cha ichi ena amaleka kutsuka mosamala. Litsiro likamatirira m'khosi mwa implanti, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, kenako fupa limayamba kusungunuka. Kafukufuku wosiyanasiyana atamuphatikiza, anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse okhala ndi implanti amafika pa vuto la kusungunuka kwa fupa. Kumayambiriro sipakhala ululu. Fupa likachepa, kuluma kumene kale kunalibe vuto kumayamba kulemera, ndipo mavuto awiriwa amathandizana.

Tsukani m'kamwa kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo tsukani m'mipata ndi timiswachi tating'ono kapena ulusi wotsukira mano. Kaonaneni ndi dokotala kamodzi kapena kawiri pa chaka ngakhale musakumva kupweteka.

Fodya, wosuta ngakhalenso wofwenkha ndi woika m'kamwa, amachedwetsa kupola ndipo amachulukitsa mwayi woti implanti ilephere. Shuga wosalamulirika amachita chimodzimodzi, koma amene shuga wake ali m'malo mwake angathe kuikidwa implanti bwinobwino. Kukhala ndi HIV pakokha sikuletsa: anthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika ndipo chitetezo chawo chili bwino amapeza zotsatira zofanana ndi za ena. Muuzeni dokotala ngati mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, mankhwala olimbitsa mafupa otchedwa bisphosphonate, kapena ngati munawotchedwapo khansa kumutu ndi kukhosi. Ana ndi achinyamata amene nsagwada zawo zikadakula saikidwa implanti.

Vuto la kasikuluwu ndi mtunda

Nayi mbali imene imakhudza kwambiri anthu a m'chigawo chino. Padziko lapansi pali makampani ambiri opanga maimplanti, monga Straumann, Nobel Biocare ndi Osstem, ndipo zigawo za kampani imodzi nthawi zambiri sizilowa m'za inzake. Ngakhale kachida komangira kasikuluwu kamasiyana. Taganizirani kuti munaikitsa implanti ku India, mwabwerera ku Mzuzu, Chipata kapena Tete, ndipo patatha chaka chisoti chayamba kugwedera mutaluma fupa. Kumanga kasikuluwuko ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa dokotala amene ali ndi chida choyenera. Koma ngati simukudziwa dzina la implanti yanu, kapena ngati m'dziko lanu mulibe wosunga zigawo zake, ntchito yaing'onoyo imasanduka ulendo wa pandege. Mukazengereza n'kumatafunirabe, kasikuluwu kangathyokere m'kati, ndipo kukachotsa ndi ntchito yovuta.

Ulendo wa kunja ulinso ndi chiyeso cha changu. Tchuthi ndi chachifupi, malo ogona ndi odula, ndipo wodwala amafuna zonse zithe ulendo umodzi. Fupa silidziwa za tikiti ya ndege. Limapola pa nthawi yake.

Izi sizikutanthauza kuti kuikitsa kunja n'kulakwa, kapena kuti madokotala a kumeneko ndi osadziwa ntchito. Zikutanthauza kuti mtengo weniweni wa implanti ndi woposa umene walembedwa pamalonda. Walira mvula walira matope: muwerengere maulendo obwereza, kujambulitsa X-ray, kutsukitsa, ndi kusinthitsa chisoti chikadzatha.

Kodi implanti ndiyo njira yokhayo yodyera bwino?

Ayi. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, koma kuti adye ndi kulankhula bwino safunika onsewo. Kuyambira mu 1992, WHO inaika mano 20 ogwira ntchito ngati muyeso wokwanira pa moyo wa munthu. Ngati mano anu a kutsogolo ndi a pakati alipo ndipo amakumana bwino, kusowa kwa dzino limodzi kapena awiri a kumapeto sikungakulepheretseni kudya. Palinso mano oikirira ochotsa, ndi mano omangirira pa anzake oyandikana nawo, amene madokotala amawatcha bridge. Kwa amene alibiretu mano a m'munsi, akatswiri amene anakumana ku McGill University ku Canada mu 2002 anagwirizana kuti maimplanti awiri okha ogwiriziza mano oikirira amasintha kwambiri kadyedwe. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi kumanga nsagwada yonse.

Ndipo ngati dzino lanu lingathe kupulumutsidwa pomata kapena pochiza muzu wake, ganizirani kawiri musanavomere kulizula kuti paikidwe implanti. Kamnofu komva kaja kakapita, palibe angakabwezeretse.

Pa mfundo za boma, nkhaniyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Chithandizo chofunikira chimene mayiko analonjeza kufikitsa kwa anthu pofika 2030 ndi cha kupewa, kumata ndi kuchiza msanga. Implanti idzakhalabe ya ochepa kwa nthawi yaitali. Mano ambiri m'chigawo chino adzapulumuka chifukwa cha kuchepetsa shuga m'tiyi ndi m'zakumwa, mankhwala otsukira mano a fluoride otsika mtengo, ndi chipatala chapafupi chotha kumata dzino lisanafike pozulidwa.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

- Implanti kapena chisoti chikugwedera, ngakhale pang'ono. Lekani kutafunira mbali imeneyo ndipo musayese kumata ndi guluu.
- Ululu ukukula m'malo mochepa pakatha masiku atatu kapena anayi, kapena wayambiranso utatha.
- Mafinya, fungo loipa, kapena magazi otuluka nthawi zonse potsuka.
- Dzanzi la mlomo, lilime kapena chibwano limene silikutha tsiku lotsatira opareshoni.
- Dzino la implanti likuyamba kugunda lisanagunde lina lililonse mukatseka pakamwa.

Ngati nkhope yatupa, thupi latentha, ndipo mukuvutika kumeza, kupuma kapena kutsegula pakamwa, pitani kuchipatala chilichonse chapafupi nthawi yomweyo, usana kapena usiku.

Musanavomere, funsani

Safunsa anadya phula. Yambani mwatsimikiza kuti dokotalayo ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala m'dziko lake: Medical Council of Malawi, Health Professions Council of Zambia, Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe kapena Health Professions Council of South Africa. Kenako mufunseni izi:

- Kodi fupa langa ndi lokwanira, ndipo mwaliona bwanji?
- Kodi ndidzadya zofewa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mudzadziwa bwanji kuti fupa lagwira?
- Kodi implanti ndi ya kampani iti, ndipo kwathu alipo amene ali ndi zigawo zake?
- Kodi mtengowu ukuphatikiza chisoti chokhazikika ndi maulendo obwereza?
- Kodi ikalephera, adzalipira ndani?
- Kodi pali njira ina yotsika mtengo imene ingandithandize kudya bwino?

Muuzeni dokotala zakudya zimene mumadya kwenikweni, pozitchula maina ndi kufotokoza kulimba kwake ngati iye sakuzidziwa. Pochoka, pemphani kalata yolembapo dzina la kampani, mtundu, kutalika ndi kunenepa kwa implanti iliyonse, tsiku limene inaikidwa, pamodzi ndi zithunzi za X-ray. Sungani kalatayi pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo muijambule pafoni kuti m'bale wanu mmodzi akhale nayonso. Tsiku limene kasikuluwu kadzamasuke muli kutali ndi kumene munaikitsa, pepala limeneli ndi limene dokotala wa kwanu adzayambe kulifunsa.